Musi Wachiwiri

Ndinachoka kwathu chaka china mvula itachedwa, ndipo za ulendowo ndimakumbuka zochepa. Chimene sichinandichoke m'mutu ndi mtondo wathu, wakale, wong'aluka pakamwa. Tinkakonolamo chimanga awiri, ine ndi achemwali anga a Lonile, mtondo umodzi misi iwiri. Iwo akatsitsa musi, wanga unali m'mwamba. Iwo akakweza, ine n'kutsitsa. Tinalinso ndi kanyimbo kathu kopanda mutu. Iwo ankati, "Dzuwa lapendeka," ine n'kuyankha, "Lisiyeni lipite." Iwo, "Gaga wachuluka," ine, "Nkhuku zikhute." Mawu onse anali omwewo, koma ankatifikitsa pa mphale yoyera manja asanatope.

Tauni imene ndinafikira inali ya malata ndi fumbi, monga matauni onse amene ndinadzaona pambuyo pake. Ndinapeza ganyu yotsuka makapu pamalo ena ogulitsira tiyi. Tsiku lina wailesi ikulira ndinkagogoda supuni pa beseni osadziwa n'komwe, ndipo bambo ena oonda, ovala magalasi omanga ndi ulusi, anasiya tiyi wawo n'kumandiyang'ana. Anati dzina lawo ndi a Kamtedza, ndipo anandipempha kuti ndikaone ntchito yawo. Ankagwirira m'kachipinda kuseri kwa owotcherera zitsulo. Munali kompyuta, mipando iwiri ndi fani imene sindinaionepo ikuzungulira.

A Kamtedza ankapanga masewera a pafoni. Nyimbo imalira, timadontho timatsika pagalasi la foni, ndipo kadontho kakafika pamzere wa m'munsi umakagunda ndi chala chachikulu. Ukagunda pa nthawi yake foni imakuyamikira. Ukachedwa kapena kufulumira imakuuza mosanyengerera kuti waphonya. Anandipatsa foni kuti ndiyese, ndipo ndinaphonya timadontho tonse, kuyambira koyamba mpaka komaliza.

"Mukugunda m'mipata, mayi," anatero akuseka. "Khutu muli nalo, koma linakula chokhota. Kuno sitidikirana ayi. Ng'oma ikalira, chala chanu chilire nayo. Osati patsogolo, osati pambuyo. Pamodzi."

Ndinaphunzira, poti wanjala sachedwa kumva. Chala chitawongoka anandiuza ntchito yeniyeni, yomwe inali kuyenda m'dziko kufuna nyimbo zoti zilowe m'masewerawo. Kusankhako kunali ndi malamulo ake. Nyimbo zoyamba zikhale zofewa, zoti ngakhale munthu wongodzuka kumene azithe. Zapakati zimutulutse thukuta. Ziwiri za mtundu umodzi zisatsatane: ukaika ya kwaya, yotsatira ikhale ya beni kapena ya m'mabala, kuti chala chisazolowere. Ndipo nyimbo iliyonse ndinkayenera kuisewera ndekha mobwerezabwereza mpaka nditaimaliza osaphonya, ndiye ailole kupita kwa anthu.

"Nanga yomaliza ikhale yotani?" ndinawafunsa.

"Yomaliza ikhale yoti munthu aponye foni pansi, kenaka aitolenso yekha. Imeneyo sitinaipeze. Tikaipeza, mukapume."

Ndinanyamuka ndi kachikwama ndi foni yojambulira mawu. Matola ananditsitsa pamphambano ina pamene mayi wina ankagulitsa chinangwa chophika. Sanandifunse dzina kapena kochokera.

"Mwabwerera nyimbo?" anatero. "Mwachedwa pang'ono. Koma tsatani njira iyi, mwina mupeza zotsalira."

Njirayo inandifikitsa m'mudzi wa ovina mganda. Amuna ake ankavala makabudula oyera ositidwa ndi simbi yamakala, ndipo pa zovala zawo za kutchalitchi panalibe chimene ankachisamala ngati makabudulawo. Woyimba ng'oma yaikulu anali a Sikelo, munthu wosalankhula kawiri. Ndinadikira masiku angapo kuti gule achitikenso, ndipo podikirapo anandiphunzitsa kuwamba ng'oma pa moto wa udzu, kuigogoda ndi nsonga za zala, kuimva ikukwera mawu mpaka itafika pamene iwo ankafuna. Anandiuzanso kuti ng'oma siyenda liwiro limodzi. Imayamba ngati munthu wopita kumunda, fumbi likakwera n'kufulumira, ovina akayamba kupuma ndi pakamwa n'kuwabwezera pang'ono.

"Ndimayang'ana mawondo awo," anatero. "Mawondo ndi amene amandiuza."

Ndinajambula nyimbo yawo n'kubwerera nayo ku tauni ya malata. A Kamtedza anaimvetsera maso ali chitsinzinire, anati ndi yokoma, kenaka anaiika pa kompyuta n'kuiwongola. Pofulumira anabweza, pochedwa anakankha, mpaka yonse inayenda mofanana ngati mizere ya fodya. Anati timadontho sitingatsike bwino pa nyimbo yoyang'ana mawondo a anthu. Ndinaisewera mpaka chala chinachita chithuza, chithuzacho n'kuphulika, n'kuuma. Tsiku limene ndinaimaliza osaphonya a Kamtedza anandigulira fanta.

Patapita nyengo ndinadutsa pabwalo la sukulu ina pamene anthu ankavina mganda, nyimbo yake yomwe ija. Ndinaima kuti ndimve. Ndinaona fumbi, makabudula oyera ndi amayi akululutira, koma nyimbo sindinaimve. M'maso mwanga munkangotsika timadontho, ndipo chala changa chinkagunda pa lamba wa chikwama. Ndinaganiza kuti ndi kutopa chabe, ndipo ndinapitiriza ulendo.

Pamphambano ina mayi wina ankagulitsa nthochi. Chitenje chinali china, koma nkhope ndinkaidziwa.

"Mwabwerera nyimbo? Mwachedwa pang'ono. Tsikirani kumunsiku."

Kumunsiko kunali tauni ya mabala ndi mashopu ometera. Kumeneko nyimbo sankaziyimba, ankazipanga. Ndinapeza bambo wina dzina lake Jailosi m'chipinda chomata mathireyi a mazira m'makoma, ndipo ng'oma zake zonse zinali m'makina. Munthu ankalowa m'mawa ndi mawu awiri a chikondi, masana n'kutuluka ndi nyimbo. Zinkafanana ngati mandasi a mayi mmodzi, koma zinali zowongoka kale, zosavuta kuikapo timadontho. Jailosi anandiphunzitsa kuzindikira nyimbo yogwira anthu: umve ngati kondakitala wa minibasi angaiyimbe akuwerenga chenje. Ndinatenga zambiri, a Kamtedza n'kuziika kumayambiriro kwa masewera. Zimenezo zitasanduka timadontho sindinadandaule kwenikweni, chifukwa sizinali zanga chiyambire.

Nthawi imeneyo masewera aja anali atafika m'manja mwa anthu. M'minibasi ndinkakhala moyandikana ndi anthu owerama pa mafoni, zala zikudumphadumpha, milomo ili yasa. Nyimbo imene ine ndinaiyendera mwezi wathunthu iwo ankaimaliza asanafike potsikira, n'kuyamba kudandaula kuti zatsopano zikuchedwa. Ndikabwerera kukachipinda kaja ndinkapeza a Kamtedza ali pampando womwewo, imvi zitawonjezekera, fani ili duu.

"Anthu akufuna zina, mayi. Ndipo yomaliza ija sinapezeke."

A Lonile ankandiimbira foni mwa apo ndi apo, pa foni yobwereka.

"Ubwera liti, iwe?"

"Ndikangomaliza nyimbo iyi, achemwali."

"Chaka chatha unatero."

"Inali ina imeneyo."

Anandiuza kuti pamudzi panabwera chigayo chokonola, anthu onse anataya misi, koma iwo mphale ya pachigayo inkawanunkhira dizilo. Ankakonolabe pamtondo. Ndinawafunsa kuti akukonola ndi yani, ndipo anangoseka n'kuyamba kundiuza za mbuzi yawo imene inaswa mapasa.

Ndinakwera phiri lina kufuna kwaya ya amayi imene anthu ankaitama. Pamphambano ya m'munsi mwa phirilo mayi uja ankagulitsa mapeyala, ndipo anandiuza kuti ndachedwa pang'ono. Kwayayo inkayimba m'tchalitchi cha njerwa zosawotcha, mtsogoleri wake ali amayi Nachuma, aatali, a mawu okhuthala ngati a mwamuna. Nyimbo zawo zinkayenda pang'onopang'ono, ndipo pakati pa mzere ndi mzere ankaima nthawi yosafanana, pena pang'ono, pena motalika mpaka munthu n'kuganiza kuti aiwala mawu. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anandilozera amayi ena achikulire a chifuwa cha mphumu amene ankakhala kumapeto kwa benchi.

"Timawadikira apume. Akakoka mpweya, tonse timalowa."

Kumeneko ndinaphunzira kuti nyimbo yochedwa ndi yovuta kuposa yothamanga, chifukwa chala chimayabwa podikira. A Kamtedza anakondwa nalo phunziro limenelo. Anaika nyimbo ya amayi Nachuma pakati pa masewera, pamene anthu odzitama amayamba kuphonya, koma mopumira monse anadulamo kuti mufanane. Ndinaisewera mpaka kuimaliza. Lamulungu lotsatira ndinalowa m'tchalitchi china n'kukhala kumbuyo, ndipo kwaya itaimirira ndinaona timadontho tikutsika pakhoma la kuguwa. Ndinatuluka ulaliki usanayambe.

Apa ndinadziwa kuti si kutopa chabe. Nyimbo iliyonse imene ndinaipereka kwa a Kamtedza inkandifera m'makutu, ndipo zinzake za mtundu womwewo zinkaitsatira. Beni anapita, manganje anapita, chimtali cha pa ukwati chinapita, ngakhale tinyimbo ta ana osewera fulaye. Ndinkayenda m'dziko lodzaza ng'oma ndili ngati munthu wa chimfine pa phwando, kumatafuna osamva kukoma. Inatsala imodzi yokha. Ndikakhala pa matola, mutu utatsamira chitsulo, ndinkamva a Lonile akuti dzuwa lapendeka, ndipo pamenepo panalibe kadontho ngakhale kamodzi. Ndinkaiopa nyimbo imeneyo monga munthu amaopera dzira lomaliza m'nyumba, ndipo sindinkaiyimba ndi pakamwa. Tsiku lina a Lonile anandiimbira foni ali pamtondo, ndipo nditangomva musi ukugunda ndinadula foni n'kunamizira netiweki.

Panali mudzi wina wa m'dambo umene anthu ankati uli ndi nyimbo yoposa zonse. Mayi wa pamphambano, amene tsopano ankagulitsa nzimbe, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kumeneko simunachedwe kapena kufulumira," anatero. "Zimatengera."

Anthu a m'mudzimo anandilandira bwino, koma nditatchula nyimbo anayang'anana.

"Imeneyo timayimba munthu akafa, mayi."

"Simungangondiyimbirako pang'ono?"

"Tiyimbire ndani? Mukufuna iitane munthu?"

"Ndiye ndidikire?"

"Dikirani. Koma musamatiyang'anitsitse choncho."

Ndinakhala. Ndinawathandiza kuwokera mpunga, kuupalira, kuingitsa mbalame. Sindinaonepo mudzi wa anthu athanzi ngati umenewo. Okalamba akandiona ndikubwera ankawongola msana n'kuyamba kuyenda mwachangu, ndipo wina akatsokomola ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Ndinachita manyazi ndi kudikira kwanga, koma ndinalibe mphamvu zochoka. Chakudza sichiyimba ng'oma: amene anafa anali bambo wamphamvu zake, amene anagwa pa njinga akuchokera kumsika. Pa tsiku la maliro amayi anandipatsa ndowa ngati mmodzi wa iwo, ndipo mjigo unali kutali. Nyimbo ija ndinaimvera kumeneko, mphepo ikuibweretsa zidutswazidutswa, foni yojambulira ili m'chikwama kunyumba. Anzanga anatula ndowa n'kuyamba kulira. Ine ndinaima ndowa ili pamutu, chala changa chikufunafuna pogunda pa chitsulo chonyowa. Ndinachoka m'mudzimo wopanda nyimbo, ndipo mumtima ndinathokoza kuti imeneyo yapulumuka.

A Kamtedza ndinawapeza atakalamba. Owotcherera zitsulo aja anali atasamuka, m'malo mwawo muli ogulitsa mabokosi a maliro, koma kachipinda kanali komweko. Ndinakhala pampando wachiwiri, miyendo ikuwawa, ndipo pakamwa pa munthu wotopa sipakhala chitseko. Ndinawauza za mtondo umodzi wa misi iwiri, za nyimbo imene theka lake ndi la wina.

Anavula magalasi. "Imeneyo ndiyo yomaliza, mayi. Zala ziwiri, china chikatsika china chikwere. Anthu adzaponya mafoni pansi. Zaka zonsezi munali nayo?"

"Ndi ya achemwali anga."

"Kaitengeni. Mukabwera nayo, mupume."

Ndinavomera, chifukwa mawu oti kupuma anandikomera. Koma pa matola, fumbi likulowa m'mano, ndinaganiza zina. Ndinati nyimbo imeneyi sindiipereka. Ndikafika ndikatenga musi wanga, ndikaima pamalo panga, ndipo a Kamtedza adikire mpaka fani yawo idzazungulire. Ndinazimitsa foni yojambulira, n'kuikulunga m'chitenje, n'kuiika pansi penipeni pa chikwama. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri ndinamva mtima ukupepuka.

Pamphambano ya kwathu mayi uja analipo, alibe chogulitsa, manja ali pamiyendo.

"Mwabwerera nyimbo?" anatero. "Lero simunachedwe. Akukonola."

Ndinamva musi ndisanaone nyumba. Unkagunda kamodzi, n'kukhala chete, n'kugundanso. Munthu wokonola yekha sachedwa choncho pakati, ndipo ndinadziwa kuti chete ameneyo ndi malo anga. A Lonile anali ataonda, tsitsi lotuwa likusuzumira m'mphepete mwa duku, koma msana unali wowongoka. Mtondo unali womwe uja, mng'alu wake atauzenga ndi waya. Anandiona, anaimika musi m'chimanga, ndipo anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Wabwera?"

"Ndabwera, achemwali."

"Nyimbo zatha?"

"Sizitha zimene zija."

"Musi wako uli m'khitchini, pamwamba pa mtanda wa denga. Utsi wauteteza ku chiswe."

Ndinautsitsa uli bii ndi mwaye, n'kuupukuta ndi chitenje. Pogwirira panali posalala pomwe manja anga anapasiya. Ndinaima moyang'anana nawo, mtondo uli pakati, nkhuku zikuzungulira. Anawaza timadzi m'chimanga, anakweza musi, n'kuyamba.

"Dzuwa lapendeka."

Ndinaimva nyimbo. Ndinaimva yonse ndi makutu, yopanda kadontho, ndipo misozi inali pafupi. Musi wawo unatsika, wanganso unatsika nawo pamodzi. Inakumana pakamwa pa mtondo, khoo, chimanga n'kumwazika pabwalo. Nkhuku zinathamangira.

A Lonile anaseka. "Waiwala? Dikira ndichoke kaye, ndiye ulowe."

"Ndikudziwa, achemwali. Manja angouma ndi ulendo."

Tinayambanso. Ndinadziuza kuti ndidikire, ndilowe pamene pali chete. Ndinaona musi wawo ukukwera, malo anga ali poyera, koma mikono inakana kutsika. Inadikira kulira. Musi wawo utagunda, wanga unagwera pamwamba pake. Tinatola chimanga chimene nkhuku zinatisiyira, tinachiuzira fumbi, tinachibwezera mumtondo. A Lonile sanasekenso. Anachedwetsa nyimbo monga amachitira ndi mwana wongoyamba kumene, ankandiyang'ana m'maso, ankandikodola ndi chibwano kuti tsopano, tsopano. Ine ndinkamva zonse, ndipo mutu unkavomera. Koma zaka zonse zija thupi langa linaphunzira chinthu chimodzi chokha, ndipo linachiphunzira bwino. Ulendo wotsatira musi wanga unatsetsereka pa wawo n'kuwatswanya chala.

Sanakuwe. Anaika chalacho m'kamwa, kenaka anang'amba kansalu kumphepete kwa chitenje n'kuchimanga, magazi akudutsa pansaluyo. Ndinayamba kupepesa, koma anapukusa mutu. Anatenga musi m'manja mwanga mofatsa, anautsamiritsa kukhoma, n'kundipatsa lichero.

"Khala pamthunzipo uzipeta. Watopa, wachokera kutali."

Anayankhula mwaulemu, monga timayankhulira ndi mlendo amene wapempha kuthandiza ntchito. Ndinakhala pansi, lichero lili pamiyendo. Iwo anabwerera pamtondo, anagwira musi ndi zala zotsalazo, n'kuyambiranso.

"Dzuwa lapendeka."

Musi unagunda, n'kukwera, ndipo anadikira monga anakhala akudikira zaka zonsezi. Palibe chinatsika.

"Gaga wachuluka."

Anakonola choncho mpaka mthunzi wa nyumba unafika pamtondo, akusiya mpata wanga pa kugunda kulikonse. Ndinayang'ana pamiyendo panga. Chala changa chachikulu chinkagunda m'mphepete mwa lichero, pamodzi ndi musi wa achemwali anga, ndipo sichinaphonye ngakhale kamodzi.